Machona ndi Nyumba za Nkhalamba

MAU OYAMBA

Pamene ndidali mphunzitsi wamng'ono, ndisanapatsidwe udindo woyang'anira sukulu, m'mudzi wina wa kuno kwa Kapondo mudafika mkulu wa imvi mbuu, atanyamula sutikesi ya citsulo ndi bulangete limodzi. Cidali caka ca 2003, anthu asanaiwale njala ya 2002. Mkuluyo adacoka pamudzipo ali mnyamata kukagwira nchito m'mafamu a fodya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndipo pa zaka zonsezo sadalembe kalata ngakhale imodzi. Adapeza amai ace ndi alongo ace onse ali kumanda. Ana a alongo acewo adangomuyang'ana ngati mlendo wodutsa, kufikira agogo ena a m'mudzimo adamfunsa mfunda wace ndi dzina la amalume ace. Atayankha bwino anthu adamlandira, nammangira kanyumba pafupi ndi nyumba ya mfumu.

Madzulo ndinkapita kukaceza naye, ndipo tsiku lina adandiuza za mnzace wa ku Dowa amene adatsala komweko m'nyumba yosungiramo nkhalamba. Ine ndidali ndisanamvepo kuti nyumba zotere ziliko, cotero ndidafunsa kuti, "Kodi agogo, mnzanuyo akumsunga bwino?" Iye adakhala cete kanthawi, nati, "Mwanawe, nsima amadya, ndipo mvula siimnyowetsa. Koma atadwala usiku, kapena wina atammenya, ndani angapite kukafunsa?"

Funso limenelo ndilo labala kabuku kano. Masiku ano nyumba za nkhalamba zayamba kuoneka m'dziko lathu, ndipo nkoyenera kuti tisanamange zambiri tiyambe tafunsa abale athu amene adatsogola kukhalamo. Abalewo ndi machona. Mbiri yao itiphunzitsa kuti nkhalamba imasungika bwino pamene pali anthu ace oiyang'ana ndi oifunsira, ndi kuti nyumba yosowa maso a abale, ngakhale ikhale ya njerwa ndi malata, iri pafupi ndi ngozi.

UKALAMBA M'MUDZI WA MAKOLO

Acewa amawerenga pfuko lao kutsata kwa mai. Mkazi amakhala pamudzi pa amai ace pamodzi ndi abale ace akazi, ndipo iwo ndi ana ao ndiwo mbumba ya mlongo wao wamwamuna, amene timati mwini mbumba. Tsono mai ankakalambira pakati pa ana ace ndi adzukulu ace. Nyumba yace idali kuka, m'mene atsikana ankagona namva nthano ndi malangizo, ndipo atsikana omwewo ndiwo ankamtungira madzi, kumtolera nkhuni ndi kumsonkhera moto. Akadwala usiku padali wina womva kubuula kwace ndi kuthamanga kukadzutsa akulu. Amuna nao ankadyera pamodzi mwa mwambo wa cidyerano, mbale zocokera m'mabanja onse zikusonkhana pamalo amodzi. Nkhalamba yopanda woiphikira sinkagona ndi njala, ndipo ikapanda kuoneka pa cakudya anthu ankatuma mwana kukaiona.

Tisaganize kuti anthu onse akale adali acifundo, pakuti ouma mtima adalipo kalenso. Cimene cinkasunga nkhalamba kwenikweni ndi cakuti m'mudzi mudalibe cobisika. Mwana akamana mace cakudya, mudzi wonse unkadziwa tsiku lomwelo, mwini mbumba ankamuitana, ndipo zikakanika nkhani inkafika pabwalo kwa mfumu. Manyazi ndi mantha zinkathandiza pamene cifundo cacepa.

Komabe mwambowo udali ndi mipata yace. Mwamuna wa cikamwini ankakalambira pamudzi pa mkazi wace, ndipo mkaziyo akamwalira, iye atasudzulidwa ankabwerera kwao, kumene mwina adacokako zaka 40 zapitazo. Mai wosabereka ankadalira ana a eni. Pa njala, monga ya 1949 imene idasautsa kwambiri anthu a kumwera, ndi ya 2002 imene tidaiona ndi maso athu kuno ku Mchinji, okalamba ndiwo ankayamba kufooka, pakuti ankasiyira ana kacakudya kamene kapezeka. Coopsa coposa zonse cidali kunamiziridwa ufiti. Boma la atsamunda lidaletsa mwabvi ndi kuloza munthu ufiti ndi lamulo la 1911, koma lamulolo silidathe kucotsa cikaiko m'mitima ya anthu.

NJIRA YA KU HALALE

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo pofika 1894 msonkho wa nyumba udali mashilingi 3 pa caka. Kuno kumadzulo mphamvu ya Boma idakhazikika ndithu pambuyo pa nkhondo ya Januwale 1898, pamene asilikali a Angerezi adagonjetsa Angoni a Mpezeni nalanda ng'ombe zao zambiri. Boma lathu la Mchinji lidayamba ngati linga la asilikali, dzina lace Fort Manning, ndipo kutsidya kwa malire kudali Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Msonkho unkafuna ndalama, koma ndalama m'midzi mudalibe. Cotero anyamata adayamba kutsikira kumwera wapansi, ulendo wa milungu yambiri, kupirira njala ndi zirombo za m'njira, kuoloka Zambezi pa bwato, kufikira atafika ku mafamu ndi ku migodi ya Southern Rhodesia. Dziko lonselo anthu ankangoti ku Halale, ndipo Johannesburg ankati ku Joni.

Bungwe la Wenela lidayamba kulemba anthu a ku Nyasaland mu 1903 kuti akagwire nchito m'migodi ya golide. Anthu athu adafa ambiri ndi cibayo kumeneko, kotero kuti mu 1913 Boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ocokera kumpoto kuno, ndipo Wenela adadzayambanso patapita zaka zoposa 20. Mu 1946 Southern Rhodesia idakhazikitsa bungwe lace lolemba anthu, limene makolo athu ankati Mthandizi, ndipo padalinso malole a Ulere onyamula anthu mosalipira. Koma ocuruka ankapita mwa okha opanda pangano liri lonse, ndipo ulendo wotere ankati wa selufu.

Mu 1935 Bwanamkubwa adasankha komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze za anthu opita kunjawa. Komitiyo idapeza kuti amuna okwana ngati 120,000 adali kunja kwa dziko, ndiye kuti mwa amuna anai ali onse mmodzi sadali pakhomo pace, ndipo idacenjeza kuti ambiri mwa iwo sadzabweranso. Pangano la maboma atatu la 1936 ndi ena otsatira adafuna kuti munthu azibwerera kwao pakatha zaka ziwiri, ndi kuti gawo la malipiro ace lizisungidwa kapena kutumizidwa kumudzi. Amene adatsata njira imeneyi ankabwera ndi njinga, makina osokera ndi masuti, ndipo midzi inkasilira. Koma wa selufu amene ndalama zamthera ankacita manyazi kubwera cimanjamanja. Ankati ndipita caka camawa, caka camawaco cikafika nkunenanso comweco, mpaka makalata kuleka. Munthu wotere kumudzi ankati wachona.

Ulendo wa Wenela udaduka mwadzidzidzi pa 4 Epulo 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupha Amalawi 74. Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu, ndipo ambiri adabwerako ku Joni. Koma machona a m'mafamu a ku Halale, amene sadali m'buku la bungwe liri lonse, adatsala kumene adali.

MCHONA AKAKALAMBA

Munthu ali ndi mphamvu uchona sumveka kuwawa. Bvuto limadza tsiku limene bwana wanena kuti wakalamba, usabwerenso. Nyumba ya m'komboni ya famu kapena ya mgodi idali ya nchito, ndipo nchito ikatha nyumbanso yatha. Mbadwa ya dzikolo inkabwerera ku dera limene lamulo logawa malo la 1930 lidasiyira anthu akuda, koma mlendo adalibe munda kumeneko. Lamulo la penshoni ya okalamba limene Southern Rhodesia idapanga mu 1936 lidali la Azungu, Amwenye ndi makaladi okha. Akuluakulu a Boma ankaganiza kuti munthu wakuda ali yense ali ndi mudzi umene udzamsunga, osakumbukira kuti iwo omwe ndiwo adamcotsa kumudziko kwa moyo wace wonse.

Padalinso msampha wina umene udakola makamaka ife a mtundu wotsata kwa mai. Mchona akakwatira mkazi wa Cishona kapena Cindebele ankapeza mwambo wa malowolo, ndipo akalephera kutsiriza ng'ombe, ana ankakhala m'manja mwa akucikazi. Ukwati ukatha iye ankatsala yekha. Akati abwere nao anawo kwao, kuno nakonso adalibe malo, pakuti kwa Acewa mwana ndi wa kwa mace. Mbumba imene ikadamsunga ndi ana a alongo ace, amene sadawaonepo, sadawagulirepo nsaru, ndipo sadayendetsepo maliro ao. Motero adagwera pakati pa miyambo iwiri, wopanda womutenga.

Machona sadangokhala osadzithandiza. Adayambitsa mabungwe a maliro, m'mene anthu ocokera boma limodzi ankasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzao asaikidwe ngati ciweto. Adapita ndi gule wamkulu m'mafamu ndi m'migodi, Ayao adamanga mizikiti, ndipo Akristu adakhazikitsa mipingo, kotero kuti mpingo wa CCAP udafika pokhala ndi Sinodi ya Harare. Magulu amenewa adalowa m'malo mwa mbumba. Koma munthu akaleka nchito, naleka kusonkha, nasamukira kutali, ubale womangidwa pa ndalama unkamasuka.

Zaka zotsatira zidaonjezera mabvuto. Kulanda mafamu kumene kudayamba mu 2000 kudacotsa anchito ambiri m'makomboni, ndipo pakati pao padali ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri a iwo opanda dziko, kufikira malamulo akulu a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo. Mu 2005 Boma lidagwetsa zisakasa za m'matauni pa nchito ya Murambatsvina, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, idawerengera kuti anthu okwana ngati 700,000 adataya nyumba kapena nchito zao. Mu 2008 ndalama ya dzikolo idatha mphamvu kotheratu, kotero kuti amene adasunga kanthu kwa zaka 30 sadathe kugula nako ngakhale buledi.

NYUMBA ZIMENE ZIDAWALANDIRA

Nyumba zoyamba za okalamba m'dziko lija zidamangidwira Azungu. Za anthu akuda zidadza pambuyo, pamene mipingo, makhonsolo a matauni ndi anthu akufuna kwabwino adaona nkhalamba zikugona m'misika ndi m'masiteshoni a sitima. Ku Highfield m'mzinda wa Harare kudatsegulidwa nyumba ya Society for the Destitute Aged, imene anthu amangoti SODA. Ku Chitungwiza a Salvation Army adatsegula Bumhudzo, ku Bulawayo kudamangidwa Entembeni ndi Ekuphumuleni, ku Mutare Zororai, ku Gweru Batanai, ndipo ku Masvingo Mucheke. Ku Zambia nakonso, kumene migodi ya mkuwa idakoka alendo, kudakhala Maramba ku Livingstone, Chibolya ku Mufulira ndi Mitanda ku Ndola.

Andrew Nyanguru, mphunzitsi wa pa School of Social Work ku Harare, adayendera nyumba za ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980 nalemba zimene adaona. Adapeza kuti m'nyumba za anthu akuda ocuruka adali amuna, ndipo ambiri adali obadwira kunja kwa dzikolo, makamaka ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anthu osauka amene adagwira nchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhichini a Azungu. Adapezanso kuti nyumba zao zidali zosowa zinthu zambiri poyerekeza ndi za Azungu. Taonani tsono, owerenga, kuti nyumba zimene ife timaziyesa cinthu cacilendo, kwa zaka zambiri zidadzala ndi anthu olankhula Cicewa, Ciyao ndi Citumbuka.

Nyumbazo zidagawidwa m'magulu atatu. Gulu A ndi timanyumba ta okalamba amene akali kudziphikira ndi kudzisamala okha. Gulu B ndi nyumba zimene zimawaphikira ndi kuwacapira. Gulu C ndi za odwala ogona, zimene ziyenera kukhala ndi anamwino usana ndi usiku. Kugawa kumeneku nkwanzeru, koma ukalamba sudziwa magulu. Munthu wolowa m'gulu B akuyenda ndi ndodo, patapita zaka ziwiri amakhala wosatha kudzuka, ndipo popeza nyumba za gulu C za anthu osauka zidali zocepa, ankatsala pomwepo m'manja mwa anchito osaphunzira za unamwino.

Tisazinyoze nyumbazi, pakuti zidacita zimene ife abale tidalephera. Zidapatsa machona pogona, cakudya ndi bulangete, ndipo zidayesetsa kuwaika m'manda mwaulemu. Ku Melfort, kum'mawa kwa Harare, okalamba adapatsidwa mpata wolima madimba ndi kuthandiza kuyendetsa malo ao, ndipo izi zidaonetsa kuti nkhalamba imene manja ace akali kugwira kanthu imakhala ndi mtima wa moyo. Koma pafupifupi zonse zinkadalira mphatso za anthu ndi kathandizo kocepa ka Boma. Pamene cuma ca dziko cidagwa mu 2008, kathandizoko kadasanduka mapepala cabe, ndipo oyang'anira adayenda khomo ndi khomo kupempha ufa.

ZIMENE ZIMAOPSA NKHALAMBA M'NYUMBA ZOTERE

Ngozi za m'nyumba ya okalamba kawirikawiri sizidza ndi phokoso. Zimadza pang'onopang'ono, ndipo mlendo wongoona pabwalo posesedwa bwino sangazizindikire.

Yoyamba ndi zironda za pogona. Munthu wosatha kutembenuka yekha akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, mwazi umaleka kuyenda bwino pamene pfupa lakanikiza khungu, monga m'ciuno, kumsana ndi ku zidendene. Khungulo limafa, pamabuka cironda cakuya, ndipo cikalowa tizirombo cimapha. Mankhwala ace ndi manja a munthu womtembenuza maola awiri ali onse, usiku womwe, ndi kumsintha zofunda zikanyowa. Nyumba imene iri ndi mlonda mmodzi yekha usiku singathe nchito imeneyi.

Yaciwiri ndi kugwa. Mafupa a wokalamba ndi ofooka, ndipo akaterereka popita ku cimbudzi mumdima nathyoka pfupa la m'ciuno, nthawi zambiri sadzukanso. Cotero cimbudzi ciyenera kukhala pafupi, cokhala ndi pogwira, ndipo njira yace ikhale youma ndi yowala.

Yacitatu ndi njala ndi ludzu pakati pa cakudya. Wokalamba samva ludzu msanga monga mwana, ndipo akapanda kupatsidwa madzi thupi limauma iye osadandaula. Wopanda mano kapena wonjenjemera manja amabweza mbale iri yodzala, wanchito nkulemba kuti cakudya caperekedwa. Mankhwala a matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa mwazi nao amafuna womwetsa wodziwa nthawi ndi muyeso.

Yacinai ndi moto. Mbaula, kandulo kapena ndudu pafupi ndi zofunda zimayatsa nyumba mwamsanga, ndipo anthu oyenda ndi ndodo sangathawe, makamaka ngati zitseko zakiyidwa kunja ndipo mazenera ali ndi zitsulo.

Yacisanu ndi matenda oiwala, amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adalongosola mtundu wace umodzi mu 1906. Ndi matenda a ubongo. Wodwalayo amaiwala maina a ana ace, amadzuka usiku nkumayenda, mwina osabvala, ndipo amalankhula ndi anthu amene adafa kale. M'mudzi munthu wotere akapezeka pakhomo pa eni mbandakuca amati ndi mfiti yagwa. M'nyumba yosungira okalamba wanchito wotopa amamtsekera m'cipinda kapena kummangirira pa bedi. Kwa mchona matendawa adali owawa kawiri, pakuti munthu akayamba kuiwala, cilankhulo cimene adaphunzira atakula cimayamba kutha, natsala ndi ca amai ace. Nkhalamba inkapempha madzi m'Cicewa, woisamala osamva.

Pomaliza pali nkhanza ndi kuba. Wokalamba amaopa kudandaula za munthu amene mawa adzamsambitsa ndi kumpatsa cakudya. Ngati palibe wa kunja amene angamnong'oneze, cinsinsico amapita naco kumanda. Apa ndi pamene padali pamtima pa funso la mkulu uja.

TSOKA LA KU GAUTENG

Kuti tione kumene kusowa kwa maso kumafikitsa, tiyeni tipite ku Joni komwe kuja. Nkhani iyi ndi ya odwala matenda a maganizo, ena a iwo okalamba, koma phunziro lace ndi limodzi. Mu 2015 akuluakulu a zaumoyo m'cigawo ca Gauteng adathetsa pangano lao ndi kampani ya Life Esidimeni imene inkasunga odwalawo, ponena kuti afuna kupulumutsa ndalama. Mu 2016 odwala oposa 1,000 adasamutsidwa mofulumira kupita ku timabungwe ting'onoting'ono, ena pa malole, opanda makadi a cipatala, ndipo abale ambiri sadauzidwe kumene anthu ao apita. Anthu 144 adamwalira, ambiri cifukwa ca njala, ludzu, kuzizira ndi kusowa mankhwala.

Mu Febuluwale 2017 Profesa Malegapuru Makgoba, amene adafufuza nkhaniyi, adalengeza kuti mabungwe 27 amene adalandira odwalawo adalibe zilolezo zoyenera. Mu 2018 woweruza wopuma Dikgang Moseneke adalamula Boma kulipira mabanja okhudzidwa. Dziko la South Africa liri ndi cuma, madokotala ndi malamulo olembedwa bwino, koma zonsezi sizidapulumutse anthuwo. Amene adaulula zoipazi ndi abale amene adayenda nyumba ndi nyumba, mpaka m'nyumba zosungira mitembo, kufunafuna anthu ao, osalola kutonthozedwa ndi mau okoma.

KWATHU KUNO

Wina anganene kuti izi nza kutali, ife tikali ndi midzi yathu. Koma midziyo yasintha. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mwa anthu 100 ali onse, asanu adali a zaka 60 kapena kuposa. Matenda a Edzi adatenga ana amene akadasunga makolo, nasiyira agogo adzukulu oti alere. Anyamata athu akupitabe ku Joni, tsopano pa mabasi. M'maesiteti a fodya a kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu mudakalambira matenanti ocokera ku Mulanje, Thyolo ndi maboma ena, ndipo ngakhale lamulo la 2021 lidaletsa utenanti, nkhalambazo zilipo, zopanda munda ndi zopanda mbumba. Amenewa ndi machona a m'dziko lao lomwe. Ndiponso sitidaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anai adaphedwa tsiku limodzi powaganizira ufiti mtsikana wina ataombedwa ndi mphenzi.

Zoyesayesa zilipo. Boma lathu la Mchinji ndilo lidayamba kulandira Mtukula Pakhomo mu 2006, ndipo ndalama zimenezo zidathandiza mabanja ambiri otsogozedwa ndi agogo kukhalabe pakhomo pao. Mu 2016 Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idabvomereza lamulo lowateteza. Bungwe la MANEPO limalankhulira okalamba, ndipo ku Lilongwe Deborah Mbale adatsegula nyumba ya Mai Mbambande yolandira nkhalamba zotayidwa. Nyumba zina zidzamangidwa ndithu, zina ndi anthu a mtima wabwino, zina ndi anthu ofuna mphatso za kunja.

Tsono mbiri ya machona itipatsa malangizo awa. Coyamba, wokalamba amene angathe kusungidwa m'mudzi mwace asungidwe momwemo, ndipo nyumba ikhale ya amene alibiretu kopita, alowemo mwa kufuna kwao. Caciwiri, nyumba imangidwe pakati pa anthu, pafupi ndi cipatala, mpingo ndi sukulu, osati kuthengo kumene kulira sikumveka. Cacitatu, tsiku limene munthu alowa, alembe dzina lace, mfunda wace, mudzi wace, mfumu yace ndi wacibale ali yense amene angapezeke, ndipo wopanda wacibale apatsidwe nkhoswe ya m'mudzi woyandikana, munthu wodziwika amene adzamuyendera sabata ndi sabata. Cacinai, alangizi a zaumoyo ndi a zosamalira anthu, mafumu ndi akulu a mipingo akhale ndi ufulu wolowa nthawi iri yonse osayamba atumiza uthenga. Akalowa asakhutire ndi maluwa a pabwalo. Abvundukule zofunda naone kumsana kwa ogona, anunkhize m'zipinda, afunse kuti usiku mumagona anchito angati ndi kuti kiyi amasunga ndani, aone mbale zobwerera ku khichini, ndipo alankhule ndi okalambawo pa okha, mwini nyumba atatuluka.

Ife aphunzitsi tiri ndi gawo lathu. Mwana amene waphunzira kusukulu kuti kuiwala kwa agogo ace ndi matenda sadzatola mwala pamene anthu apfuula kuti mfiti. Ndipo ana a sukulu amene amapita Lacisanu madzulo kukatungira madzi nkhalamba ya pafupi amabwera ndi nkhani, kotero kuti ikadwala kapena ikazunzidwa, mphunzitsi amamva Lolemba m'mawa.

Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mkulu uja wa sutikesi ya citsulo adakhala nafe zaka zisanu ndi cimodzi. Caka cace cotsiriza sankatha kudzuka, ndipo ankaitana amai ace usiku ngati kamwana. Ana a alongo ace, amene tsiku loyamba lija adamuyesa mlendo, ankasinthana kugona m'kanyumba kace ndi kumtembenuza. Adamwalira mu 2009 wopanda cironda pathupi, ndipo adzukulu adamkumbira manda pafupi ndi a mlongo wace.